Envulopu 412

Mkazi wanga Lydia anamwalira pa 9 Juni 2006. Ndiye ankalemba maenvulopu a filimu mu situdiyo yathu pa Nathenje: nambala, tsiku ndi dzina la mwini. Chithunzi chikapanda kutuluka bwino, ankalemba m'munsi kuti, "Ajambulenso."

Titaika maliro, apongozi anandipempha chithunzi chake. Ndinalibe. Ndinkangoti filimu ndi ya makasitomala, iyeyo ndidzamujambula tsiku lina.

"Bambo, nkhope za Nathenje yense muli nazo," anatero apongoziwo. "Ya mwana wanga yokha ayi?"

Pa 1 Julayi ndinajambula ukwati ku Mitundu. Zithunzizo ndinakazitsuka usiku womwewo, poti masana chitseko cha chipinda chotsukiramo chimalowetsa kuwala. Ndinakhoma chitseko. Ndinali ndekha ndi nyali yofiira.

Pa chithunzi cha 31, kumbuyo kwa kwaya, panaima mayi wofulatira kamera. Mfundo ya duku lake inali kumanzere, monga ankamangira Lydia. Ku ukwatiko mayiyu sindinamuone. Pa 33 anali atayamba kutembenuka. Pa 35 linaoneka khutu. Pa 36 linaoneka tsaya, ndi kachipsera kamene ndimakadziwa. Filimu inathera pomwepo, maso asanaoneke.

Ndinatenga envulopu yatsopano m'bokosi. Yomaliza imene Lydia analemba ali moyo inali 411, ndipo chichokereni iye sindinalembe ina.

Iyi inali yolembedwa kale, ndi dzanja lake. Nambala 412. Tsiku, 1 Julayi 2006. Mwini, Lydia. M'munsi munali mawu amodzi, ndipo inki inandidetsa chala: "Ajambulenso."