Mizere ya Pamsana pa Kabatani

Telala anakhala pampando wa m'chipinda cha dokotala, chipewa chili pabondo, mtima ukutentha ngati simbi yamakala. Pabedi lopimirapo panali mdzukulu wake, kamtsikana ka zaka zisanu ndi ziwiri, kamene iye ankakatcha Kabatani. Mayi wa mwanayo, mwana wamkazi wa telalayo, anaima pafupi ndi chitseko, mimba ili patsogolo, maso atatupa ndi kulira.

Mwamuna wachiwiri wa mayiyo, dalaivala wa lole, anali m'chitokosi cha apolisi. Anam'mangitsa ndi telala yemweyu. Tsiku limene anaona mizere yofiira pamsana pa mwanayo sanafunse munthu. Anatseka makina n'kulunjika kupolisi, ndipo mkamwiniyo anamutenga atamangidwa unyolo, anthu a mumsewu wonse akuonerera. Kuntchito anam'chotsa tsiku lomwelo. Tsopano mlandu unkangodikira mawu a dokotala.

Amati mwana wa mnzako ngwako yemwe. Telala ankadziwa kuti amenewo ndi mawu oyankhula paukwati anthu atakhuta. Munthu angadyetse mwana wa mwamuna wina osamuwerengera nthongo? Mkamwiniyo ankaseka kwambiri, ankabwera ndi maswiti, ankanyamula mwanayo paphewa. Telala anali atasoka masuti a anthu oseka chotero okwanira kuti adziwe zimene zimakhala kunsi kwa jekete.

"Ababa, ndakuuzani, sanamukhudzepo mwanayu," anatero mayiyo chapansipansi.

"Khala chete iwe. Ukuteteza lamba amene mawa adzagwera iweyo."

Dokotala anali mayi wachitsikana, wa msinkhu woti telala akanatha kumubereka. Zimenezo sizinamusangalatse. Dokotalayo anauza mwanayo kuti avule diresi lake la kusukulu, n'kumutembenuzira ku windo. Mizere ija inaonekera poyera: umodzi wodutsa m'mapewa, iwiri yotsika m'mbali mwa msana, wina wozungulira m'chiuno. Inali yofiira, yotukuka, pamwamba pake pali timamba toyera ngati ufa.

"Kodi akukumenya ndani, mwanawe?" anafunsa dokotala.

Kabatani anaweramitsa mutu, n'kukumbatira diresi lija pachifuwa.

"Mwaona?" anatero telala. "Anamuopseza. Kuyambira tsiku lija sakufuna n'kundiyang'ana komwe, mwana amene ankandikhalira pamiyendo ndikupalasa makina."

Dokotala anasendera pafupi. Anayang'ana m'zigongono za mwanayo, m'mawondo, kenaka anapatula tsitsi kuseri kwa khutu. Namonso munali tizigamba ta mamba omwewo.

"Bambo, mwanayu ali ndi nthenda ya khungu yotchedwa soriyasisi. Si yopatsirana, ndipo mankhwala oiziziritsa alipo. Koma ili ndi khalidwe lake. Khungu likavulala, kaya lakandika, kaya lachekeka, kaya lakhulika, pakapita masabata angapo nthendayo imatha kumera pomwepo, kutsata njira ya balalo."

"Ndiye mukuti khungulo linavulazidwa?"

"Linavulazidwa, inde. Kambirimbiri, malo omwewo."

Telala anamenya chipewa pabondo. Mayiyo anatsamira chitseko, n'kugwira pakamwa. Kwa nthawi yoyamba anayang'ana msana wa mwana wake ngati munthu amene wayamba kukayika zimene wakhala akulumbirira. Telala anaona kukayikako, ndipo kunamukomera. Mumtima anali atakonza kale: achotsa nsalu zakale m'kachipinda ka kuseri kwa shopu, ayikamo bedi, mwanayu akula m'manja mwa agogo ake. Dalaivala akawole komweko.

"Lembani tsono, adokotala. Lembani kuti ndi lamba."

"Lamba sayenda mowongoka chonchi, bambo. Ndipo sagwera pamodzimodzi tsiku ndi tsiku."

Telala anaseka chamumphuno. Anthu a sukulu! Chinthu chili pamaso, iwo akufuna kuchizungulira.

Dokotala anatambasula dzanja kwa mwanayo. "Tandibwereka diresilo."

Kabatani analikumbatira kwambiri. Dokotala anamunyengerera mpaka tizala tija tinamasuka. Analitembenuza kunsi kukhala kunja, n'kuyendetsa chala mumsoko, ndipo anachichotsa msanga ngati wagwira minga. Misoko yonse inali ya ulusi wokhuthala wa nayiloni, wosokera matenti, nsonga zake zowotchedwa ndi machesi mpaka kuuma ngati timiyala. Analiyala pamsana pa mwanayo. Msoko wa m'mapewa unagona pamzere wa m'mapewa. Ya m'mbali inagona pa ya m'mbali. Wa m'chiuno sunaphonye ngakhale pang'ono.

"Anasoka diresili ndani?"

Kabatani anayamba kulira, akuyang'ana dokotala, osati agogo ake.

"Musawamange agogo. Ulusi waung'ono sauonanso pasingano. Ine sindinanene kuti limabaya, chifukwa anati ndi diresi lomaliza limene maso awo asoka."