Makina a Amayi Apakati pa Chifuwa cha Horácio

"Ayi, a dotolo! Makina amenewo ndi a amayi apakati. Uyutu ndi mwana wamwamuna!"

A Patrício anatchinga kama ndi manja awo amatope. Khoma la nyumba imene ankamanga ku Mpadue, chibwerere kuchokera ku Malawi komwe anathawira nkhondo, linali litagwera mwana wawo Horácio. Mwanayo ankapuma mobanika, milomo itayamba kuda.

"Ndawabwereka kuchipinda cha amayi apakati komweko, bambo," anayankha dotolo Isaura. "Makina ojambula mafupa aja anafa kalekale. Awa amaona zam'kati, sasankha munthu. Tandipatsani mpata."

Anapaka mafuta ozizira pachifuwa cha mwanayo n'kuyendetsa kachipangizo pakati pa nthiti. Kumanja, komwe kunali mabala, phapo linkayenda bwinobwino. Kumanzere, kopanda ndi kachilonda komwe, pagalasi panaoneka chithaphwi chakuda.

"Magazi awo, bambo. Akupanikiza phapo."

Dotoloyo atalowetsa kapaipi m'chifuwamo, magazi anatsikira m'botolo. Horácio anakoka mpweya wautali, kenaka n'kulira mokweza mpaka chipinda chonse kucheuka.

A Patrício anangokhala pansi, akuseka, misozi ili mbwembwembwe.

"Analira chonchi tsiku lobadwa, a dotolo. Makina a azimayiwa andiberekeranso mwana."