Anazula Chingwe SSD Isanamalize Kulemba

Panali munthu wina ku Bembeke, dzina lake Bongani, amene ankajambula mavidiyo pa maukwati ndi pa zochitika za kutchalitchi. Amene anandiuza nkhaniyi amamudziwa bwino.

Tsiku lina pamsika wa Linthipe anakumana ndi bambo wachilendo wogulitsa zipangizo za mafoni m'chikwama. Bamboyo anatulutsa ka SSD, kachipangizo kosungiramo zinthu kolumikiza ku kompyuta ndi chingwe.

"Aka kachokera ku Joni, achimwene. Taonani liwiro lake."

Bamboyo anakalumikiza ku laputopu yake n'kukopera nyimbo zingapo. Zinalowa m'kuphethira kwa diso. Bongani anagula pomwepo.

Alamu ake, a Ackim, amakonza makompyuta ku Dedza boma. Atakaona anapukusa mutu.

"Alamu, SSD sayesera tinyimbo," anatero a Ackim. "Mkati mwake muli kamalo kolandirira zinthu mwachangu, pa Chingerezi amati buffer. Zili ngati kukhuthulira chimanga pakhonde musanachilowetse m'nkhokwe. Khonde likadzaza, ngolo imadikira. Kotchipa ngati aka khonde lake ndi laling'ono, ndipo kakayandikira kudzaza kamachedwa kwambiri. Musamazule chingwe musanauze kompyuta kuti ikatulutse, chifukwa imatha kuonetsa kuti yamaliza zinthu zikadali pakhonde. Ndipo za m'khadi la kamera musafufute musanatsegule vidiyoyo n'kuiona."

"Inu alamu chilichonse mumaopseza," anayankha Bongani. "Ntchitoyi sindinayambe lero."

Anathiramo mavidiyo ake onse akale mpaka kanatsala pang'ono kudzaza.

Loweruka lina anakajambula ukwati wa mtsikana wina, Tiwonge, ku Mayani. Bambo ake a Tiwonge, a Zikhalo, anali atadwala nthawi yaitali. Koma tsikulo anadzuka, anatenga chishango n'kuvina ngoma, kenako analangiza mwana wawo pamaso pa anthu onse. Ambiri anagwetsa misozi.

M'mawa mwake Bongani anali ndi ubatizo woti akajambule ku Linthipe, ndipo khadi anali nalo limodzi lokha. Anayamba kukopera ukwati uja mu SSD. Poyamba kamzere kosonyeza pomwe pafika kanathamanga. Kenako kanayamba kukwawa ngati nkhono. Wakabaza anali akuliza hutala panja.

"Bwana, tikupita kapena ndinyamule wina?"

"Dikirani kaye!"

Makolo a ana obatizidwa anaimba foni kuti Misa yatsala pang'ono kuyamba. Bongani anamenya tebulo, anatukwana laputopu, anazungulira m'nyumba. Kamzere kaja katangofika kumapeto, anazula chingwe, anafufuta zonse za m'khadi, n'kukwera njinga.

Lachiwiri anakhala pansi kuti akonze vidiyo ya ukwati. Chigawo cha kutchalitchi chinatseguka. Cha kumadyerero chinakana. Anayesa kangapo, kompyuta imangolemba kuti fayilo ndi yowonongeka. Anathamangira ku boma.

"Khadi lija lili kuti?" anafunsa a Ackim.

"Ndinajambuliramo ubatizo."

"Ndiye kuti zatsopano zalembedwa pamwamba pa zakale. Ndinakuuzani chiyani, alamu?"

A Ackim anayesabe tsiku lonse. Zimene anapulumutsa ndi tizidutswa ta mizeremizere topanda mawu. Nambala ya foni imene wogulitsa uja anamupatsa Bongani sinkapezekanso, ndipo pamsika panalibe womudziwa.

Bongani anachita manyazi kunena zoona. Tiwonge akaimba, ankamuuza kuti magetsi akuvuta. Tsiku lina ankati akuikamo nyimbo. Kenako anasiya kuyankha foni.

Asanapeze bodza lina, a Zikhalo anamwalira.

Maliro atatha, Tiwonge anabwera ku Bembeke ndi mayi ake. Anakhala pamphasa panja, mayiwo atavala zakuda.

"Achimwene, zokongoletsazo zisiyeni," anatero Tiwonge. "Ingotipatsani vidiyoyo mmene ilili. Tikufuna timvenso mawu a bambo."

Bongani anayang'ana pansi n'kufotokoza zonse, kuyambira kumsika kuja mpaka pa chingwe. Mayi aja anamvetsera osamudula.

"Ngakhale pamene ankavina paja palibe?" anafunsa.

"Palibe, amayi."

Mayiwo anamanga chitenje, anagwira mwana wawo dzanja n'kunyamuka osatsanzika. Kuyambira pamenepo palibe wa ku Mayani amene anamuitananso Bongani.

Phunziro: Chipangizo chothamanga pa tinthu tochepa chikhoza kukukhumudwitsani pa katundu wamkulu. Musagule SSD kwa munthu wongodutsa, musaidzazitse, musazule chingwe musanaitulutse bwino, ndipo musafufute choyamba musanaone kuti chokoperacho chikutseguka. Zina zikatayika sizijambulidwanso. Tumizani nkhaniyi kwa ojambula ndi onse osunga zinthu za anzawo.