Makilo a Leonard

Esnat adafika ku shedi atabereka dengu lake lothyolera tiyi, koma mudalibe tsamba ngakhale limodzi. Mudali mapeyala, makaka ophika ndi nandolo, ndi chigumu cha nthochi chonona mafuta.

"Idyani, bambo a Hazel. Musasiye kanthu."

Leonard, mwamuna wake, kalipentala wa pa esiteti, adasamba m'manja n'kukhala pansi pa phiko. Munthuyu adali woonda chibadwire. Lamba wake adali ndi mabowo owonjezera oboola ndi msomali, ndipo anzake ankati kukachita mphepo azimuika miyala m'matumba.

Phiko adakhalapo pansi pakelo lidali la ndege. Chaka chimenecho, 2003, ndege zinkakwanitsa zaka zana chiyambire kuuluka. A Lusayo, injiniya wa ku fakitale amene kale ankayendetsa ndege yothira feteleza m'minda ya tiyi, adaganiza zopanga yawo yofanana ndi zoyambirirazo. Iwo ankajambula ndi kuwerengera, Leonard ankapala matabwa.

Chinthucho kuchiona sukadati ndi ndege. Mapiko adali awiri osanjikizana, a nsalu yokungidwa pa timatabwa ndi mawaya. Mchira udali kutsogolo, mapulopela kumbuyo, ozunguzidwa ndi matcheni onga a njinga. Injini sidakhale pakati, adaiika chakumanja. Pakati padali mpando wa woyendetsa, ndipo kumanzere kudali kampando kena pamene adamangirirapo thumba la mchenga. Amayi othyola tiyi ankachitcha thandala la a Lusayo.

Esnat ankaseka nawo, mpaka tsiku limene adapeza mwamuna wake ali m'saka, akulendewera pa sikelo yoyezera tiyi, a Lusayo akuwerenga muvi.

"Ndege iyi nkhani yake yonse ndi kulemera," a Lusayo ankatero. "Tikalakwitsa makilo, akatitola m'munda wa tiyi."

Esnat adayang'ana kampando kaja. Adayang'ana mwamuna wake, wopepuka ngati gaga. Nkhani idadzimasulira yokha. Pa esiteti yonse asankha woonda kuti nsaluyo ithe kumunyamula! Mantha adamugwira. Iye sadakwatiwe kuti adzakhale wamasiye chifukwa cha thandala.

Kumuletsa Leonard kukadakhala kutaya malovu, pakuti ikakhala nkhani ya ndege makutu ake ankagontha. Kukakalipira a Lusayo n'kosatheka, ndi bwana. Koma alangizi adamuuza kalekale kuti mwamuna ndi pamimba. Ngati ndegeyo ikufuna wopepuka, iye aipatsa wolemera.

Ndiye masana aliwonse dengu linkafika ku shedi lodzaza. Lero kalongonda, mawa mbatata ya futali, mkuja chinangwa chotendera. Mapeyala okha sankajomba. Nkhuku za Esnat zidayamba kuchepa m'khola, ndipo anzake adayamba kunong'onezana kuti chikondi chotere pa banja lakale chili ndi chifukwa. Iye adangopitiriza kuphika. Chodabwitsa n'chakuti Leonard, amene kale ankangolawa n'kukankha mbale, tsopano ankanyambita zala n'kusuzumira m'dengu ngati mwatsala kena. Esnat adaona kuti Mulungu ali mbali yake.

Loweruka lililonse Leonard ankalowa m'saka, ndipo Loweruka lililonse muvi unkasuntha. A Lusayo ankaimba mluzu n'kugwira mutu.

"Mayi, munthuyu mukumudyetsa chiyani?"

"Zomwezi zakwathu kuno, bwana," adayankha maso ali pansi, koma mumtima akuvina.

Mabowo a msomali aja adapuma pantchito. Lamba adabwerera pa mabowo a kusitolo, kenako adafika pa lomaliza. Masaya adatuluka. Khosi, limene kale linkaoneka patali, lidayamba kubisala. Leonard akawerama kuti akunge waya ankapuma ngati wakwera phiri, ndipo Esnat akamva kupumako ankawonjezera peyala lina.

Tsiku louluka lidafika. Ndege adaikankhira pa khomo la shedi, kuyang'ana ku bwalo la udzu limene ndege ya feteleza inkaterapo. Anthu adadzaza mpaka m'mizere ya tiyi, ena ochokera ku Nchilamwela, ambiri atabwera kudzaona mmene thandala limagwera. Esnat adaima patsogolo ndi dengu lake, atavala chitenje chatsopano. Adalibe nkhawa. Ndi nsalu iti ingakweze chimunthu chimene iye adaumba ndi manja ake?

Leonard adatulukira mabatani a ovolosi akukana kutsekeka. Adalowa m'saka komaliza. Sikelo idalira, muvi udathamanga n'kukaima patali. A Lusayo adauyang'anitsitsa, adavula magalasi, adawapukuta, adayang'ananso. Kenako adapukusa mutu n'kulunjika kumene kudali Esnat.

Esnat adakonza nkhope yachisoni, yoyenera mkazi amene mwamuna wake wamanidwa mwayi.

"Mayi a Hazel," a Lusayo adatero atavula chipewa, "zikomo kwambiri. Amuna anuwa andivutitsa chaka chonse kuti akwere nawo, ine ndikuwakaniza. Adali opepuka, sakadalingana ndi injini ili kumanjayi, ndege ikadapendekeka."

Adamasula thumba la mchenga pa kampando kaja n'kuligwetsera pansi.

"Lero makilo akwana ndendende. A Leonard, kwerani!"

Leonard adakwera akumwetulira, peyala la pa ulendo lili m'thumba.