Gawo la Mwana Yesu

Panali munthu wina kuno mumzinda wa Iloilo, dzina lake Perpetua Dalisay, amene anali ndi lesitilanti ya nkhanu m'mbali mwa nyanja. Ndimamudziwa bwino chifukwa nkhanu zimene zinamutchukitsazo ankagula kwa ine, ndipo funsani aliyense pamsika, zoposa zanga simungazipeze.

Pamalo olipirira panali chifaniziro cha Mwana Yesu, monga zilili m'mashopu ambiri kuno, ndipo pamapazi pake panali bokosi. Kangachepe kalikonse kamene kasitomala wasiyira woperekera zakudya kankalowa m'menemo, pamodzi ndi ndalama ija imawonjezedwa pa bilu kuti ndi ya utumiki. Loweruka Perpetua ankatsegula bokosilo n'kutapa theka. Ankati limenelo ndi gawo la Mwana, akumusungira za chikondwerero chake cha mu Januwale.

Antchito ankangozyolika. Mayiyu anali wochenjera: wantchito akabereka, iye ankathamangira kukhala mayi wa ubatizo wa khandalo. Ndiye ndani angatsutse munthu amene anamugwirira mwana pa ubatizo? Ndani angakangane ndi Mwana Yesu pa nkhani ya mapeso, ndalama zathu za kuno?

Ine ndinamuchenjeza. Sekondale ndinamaliza ine, nyuzipepala ndimawerenga, sindingokulungiramo nsomba ayi. Ndinamuuza kuti lamulo likuti ndalama ya utumiki yonse ndi ya antchito, mwini malo asaikeko dzanja. Anandiseka. Anati lamulo silinamumangire khitchini, ine ndizingowerenga miyendo ya nkhanu.

Mwa antchitowo munali Luningning, mayi wolera yekha mwana, chifukwa mwamuna wake anakwera sitima ya pamadzi kukagwira ntchito osatumizanso ngakhale moni. Ntchito ya pa lesitilantiyo ndi imene inkaika mpunga m'mbale ya mwanayo. Tsiku lina anafunsa mwaulemu kuti gawo la Mwana lija likusungidwa kuti. Perpetua anamukumbutsa za ubatizo, n'kumuuza kuti atsikana ofuna epuloni yakeyo ali mbwee kunja kwa geti.

Januwale anakwana. Mwambo wathu ndi wakuti amene waveka Mwana chovala chatsopano ndi amene amamunyamula patsogolo pa mdipiti. Perpetua anafika nacho chifanizirocho chitavala mkanjo wofiira wa ulusi wagolide. Pakhomo la tchalitchi, wansembe wathu Bambo Anselmo anamuyamika pamaso pa khamu kuti wagula mkanjowo ndi thukuta lake. Iye anawerama ngati woyera mtima.

Pamenepo Luningning anatulukira atavala epuloni yake, anzake onse ali pambuyo.

"Pepani Bambo, Madamu atithandize kaye. Mkanjowu wagulidwa ndi ndalama ya ndani?"

"Yanga," anatero Perpetua.

"Nanga gawo la Mwana limene mwakhala mukutapa m'bokosi lathu lili kuti?"

Perpetua anayang'ana wansembe, nayang'ana anthu, lilime n'kutembenuka. Anati gawolo ndi lomwelo lagula mkanjo.

"Basi, ndiye tamuveka ndife," anatero Luningning. "Bweretsani timunyamule."

Wophika wa pa lesitilantiyo, mdala Isko, anawonjezera chapansipansi koma onse anamva: "Mupumitse manja, Madamu, atopa ndi kutapa."

Anthu anafa ndi phwete. Bambo Anselmo sanachulutse gaga. Anatenga chifanizirocho n'kuchiika m'manja mwa Luningning. Mdipiti unayenda maepuloni ali patsogolo, Madamu ali kumbuyo pakati pa oimba ng'oma.

M'mawa mwake Luningning anachotsedwa ntchito. Sanalire, sanapepese. Anapinda epuloni, n'kulunjika ku ofesi ya zantchito, ndipo amene anamuperekeza ndine, chifukwa maofesi sindiwaopa. Mboni sizinasowe: parishi yonse inamva Madamu akuvomera ndi pakamwa pawo kuti ankatapa m'bokosi. Analamulidwa kubweza zonse kwa antchito onse. Mkanjo uja, zinadziwika, unangodyako pang'ono. Gawo lalikulu la Mwana linali pa matayala anayi, ndipo galimoto yatsopano imene Madamu anagulayo inagulitsidwa kuti abweze ndalamazo.

Potuluka mu ofesimo Perpetua anamugwira Luningning pa mkono.

"Iwe, ulibe manyazi? Mwana wako ndinamunyamula ine pa ubatizo."

"Munamunyamula m'mawa umodzi, Madamu. Ine ndakunyamulirani mbale zotentha zaka zonsezi. Tisawerengerane."

Luningning anauzidwa kuti akhoza kubwerera pa ntchito, koma anakana. Lero amawotcha nkhanu tsidya la msewu, moyang'anizana ndi lesitilanti ija. Nkhanu amagula kwa ine, ndiye mukudziwa kale kumene makasitomala akupita. Nayenso ali ndi chifaniziro cha Mwana patebulo pake. Chilibe mkanjo, ndipo pamapazi pake palibe bokosi.

Phunziro: Kangachepe kamene kasitomala wasiya ndi ka amene wanyamula mbale. Bwana akamatapako m'dzina la Mulungu kapena la chibale, kumeneko n'kuba ndithu, kwangovala mkanjo. Iwe wantchito, funsa, ndipo akakuopseza ukafunse kumene kuli lamulo. Tumizani nkhaniyi kwa aliyense wovala epuloni, ndipo ngati muli ndi nambala ya bwana wake, mutumizireninso iyeyo.