Zipolopolo za Ragnhild

"Sichikulowa, madala, musakakamize," anatero Sindre, mmisiri wa mfuti wa ku Trysil.

A Halvard anayesanso. Chipolopolo chinakakamira pakamwa pa mfuti yawo yatsopano, kumbuyo kwake kuli panja.

"Iwe, nambala yake si yomweyi? Kapena unkapanga utaledzera?"

"Nambala ndi yomweyo, koma utali ndi wina. Munati phewa latha, mukufuna yopepuka, ndiye ndinakuikirani mimba yaifupi. Izitu n'zazitali. Anapanga ndani?"

A Halvard anayang'ana kabokosi kamene kanali m'manja mwawo. Zaka zonse za ukwati wawo, malemu akazi awo, a Ragnhild, ndiwo ankathira wonga ndi kukhomera mitu ya zipolopolo patebulo la kukhitchini. A Halvard ntchito yawo inali yofulula khofi basi. Zipolopolo za m'kabokosimo zinali zomaliza, ndipo ankafuna kukaziwomba Loweruka potsegulira uzimba wa nyama zazikulu zonga mphalapala.

"Mayiwo ankasiya mitu patali mwadala," anatero Sindre motsitsa mawu, atazindikira amene anazipanga. "Ankayezera mfuti yanu yakale ija yokha. Ndikhoza kuzifupikitsa, koma ndiyenera kuziphwasula n'kuyezanso wonga."

"Zikatero zikhala zako, osati zake. Ingondibwezera yakale ija."

Sindre anakanda kumutu. "Imene munasinthitsa ija? Inapita kalekale kumpoto, ku Finnmark. Amene anagulayo akuti ngakhale atamunyengerera chotani sangaitaye."

A Halvard anatseka kabokosiko pang'onopang'ono n'kukaika m'thumba la jekete. Kenako anakoleka mfuti yatsopanoyo paphewa n'kutuluka. Mmisiri sananame: mfutiyo sinkalemera n'komwe.