Maliro Awiri pa Chitsa cha Mbawa

Padangokhala Mleme ndi Chikumbu, anansi okhala mumtengo umodzi wa mbawa. Mleme ankalera mwana wake kumphako, Chikumbu ankaikira mazira pansi pa khungwa. Tsiku lina kunabwera owotcha makala, mbawa ija n'kugwa. Mwana wa Mleme anafera pomwepo, pamodzi ndi mphutsi zonse za Chikumbu.

Nyama zitabwera kudzakhuza maliro, zonse zinakhala mozungulira Mleme. Chikumbu anayandikira nati chapansipansi, "Mayi, tiyeni tilirire pamodzi. Inenso ndaferedwa."

Mleme anapukuta misozi. "Anu aja munkawadziwa ndi maina omwe? Ine ndimabereka mmodzi pachaka, kumuyamwitsa, kuuluka naye pachifuwa. Inu mumangoikira ambirimbiri ngati mchenga. Mudzaikira ena."

"Ndidzaikira pati, mayi? Inu mphako iliyonse imakusungani. Anga sakulira mumtengo wina koma mbawa yokalamba, ndipo iyi inali yotsiriza."

Pomwepo nyimbo ya maliro inayamba. Chikumbu anachoka wopanda womuperekeza.

Mvula itagwanso, Mulungu anamupatsa Mleme mwana wina kuphanga kumene anasamukira. Mtima utakhala pansi, anakumbukira mmene anamuyankhira mnzake, nanyamuka kukapepesa. Pachitsa anangopeza phulusa. Anafunsa Gologolo, anafunsa Nyerere, koma onse anati chikumbu cha mtundu umenewo sanachionenso, ndipo sanamve kuti kwa Chikumbu kunali maliro.

Mleme anakangamira pachitsapo nalira maliro a mtundu wonse, ali yekha.

Mmene ndinaimvera nthanoyi ndi momwemo. Ambuye atipatse makutu.